Nkhuku Zamaliseche za Abwana

12 Julayi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, mwana wanga uja chifuwa chamusiya.

Ndalemba kuti ndikuthokozeni. Tsiku lija ndinakuimbirani foni ndikulira, abwana atatiuza kuti ife ososola nthenga ntchito yatithera chifukwa abweretsa nkhuku zobadwa zopanda nthenga, inu munati, "Pukuta misozi, mlongo, ukapemphe ntchito ya kukhola." Ndinapita, ndipo ananditenga. Anzanga onse anawachotsa, ngakhale Amake Mapasa, mnzanga amene tinkaviika limodzi manja m'madzi otentha zaka zonsezi. Kuyambira pamenepo tikakumana pamsewu ankayang'ana kumbali.

Achimwene, nkhukuzi mutaziona mungaseke, kenako n'kugwidwa chisoni. Nzofiira ngati khanda, zimayenda ngati zathawa mumphika. Kukatentha zimakula msanga, sizipuma wefuwefu ngati zanthenga. Koma kukazizira zimaunjikana pakona n'kumanjenjemera, zimakalana khungu ndi zikhadabo, udzudzu nawo suzisiya. Mwezi wathawu tsiku lina ndinatola zakufa zodzadza wilibala.

Abwana anaitanitsa msonkhano pakhomo pa khola. Adokotala a ziweto anati uku n'kuzunza zolengedwa, zisiyidwe. Amayi ogulitsa nyama anawayankha kuti, "Inu nkhuku mumadya mmene mwafunira. Kwanga anthu amene ankangogula mitu ndi mapazi lero akunyamula yathunthu." Kenako abwana anatembenukira kwa ine. "Iwe ndiye umakhala nazo. Tanena."

Ndinati onsewa akunena zoona, ana anganso ayamba kudziwa kukoma kwa ntchafu. Koma nkhuku yopanda chovala imafuna kuleredwa ngati mwana. Zichepetsedwe m'khola, mawindo aikidwe masefa, pansi pathiridwe utuchi wambiri, ndipo ine ndekha manja sangandikwane.

Mumtima ndinati basi ndadzichotsetsa ntchito. Koma abwana anati, "Tiyesa chaka chino. Zikapitiriza kufa, tibwerera ku zanthenga. Wothandizana nayeyo umudziwa?" Ndinatchula Amake Mapasa.

Anayamba Lolemba. Tsiku lonse sanandiyankhule. Poweruka ananditengera chikwama n'kunena kuti, "Tinyama tako tonyansati ndatikonda kale."

Kunena zoona, nyama yake ine sinditha kuidya, ndimagawira ana n'kunamizira mano. Izi zikhale pakati pa inu ndi ine.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mayi muwauze kuti mapilitsi awo asamadumphitse, ndipo akabwera ndidzawaphikira nkhuku yathunthu, asadzasiyire aliyense chiwindi. Koma chonde musawauze kuti inkayenda maliseche, angadzakane kudya. Inu Mulungu akusungireni pakamwa panupo.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa mayi