Mikanda ya azakhali pa malaya a apongozi

Lolemba, 8 Julaye

Mwezi wachitatu m'nyumba ya apongozi kuno ku Kyle. Mwamuna wanga Tyrel akadali ku Montana kozimitsa moto wa m'nkhalango. Foni yake sigwira.

Apongozi a Delmar, bambo ake, tsiku lonse pa kompyuta. Ndimawaonera kumbuyo posesa. Kumaso ayi, kuwalankhula ayi, monga mwa mwambo. Tyrel anandiuza kuti bambo akewo anayamba ndi kulemba zikwangwani za masitolo ku Rapid City, kenako mabuku a ana a m'chilankhulo chathu. Kodi mzere amaudziwa bwanji kuti wakwana? Amafufuta kakhumi.

Lachiwiri, 9 Julaye

Akukonza chithunzi cha pa malaya a gule wa mu Ogasiti. Malaya mazana atatu. Kusindikiza Lachisanu. Mahatchi awiri, pakati pake kasokedwe ka mikanda. Sindinaonetsetse.

Lachitatu, 10 Julaye

Ndaona. Nsonga zitatu zofiira, mzere wachikasu wothyoka pakati. Kasokedwe ka azakhali anga a Verola! Anachita kukalota ali mtsikana, ndipo amasokera a m'banja okha. Apongozi akatenga m'chithunzi chakale cha gule, alibe mlandu. Koma azakhali akakaona pa chifuwa cha mlendo aliyense, adzati ndinapereka ndine. Paja pa ukwati anati, "Kumeneko ukapite ndi mapoto, zathu usiye kuno."

Ndiwauza bwanji? Apongozi aakazi anamwalira. M'nyumba muli awirife.

Lachinayi, 11 Julaye, m'mawa

Ndinalemba kalata, ndang'amba. Kalata ndi kulankhula komwe.

Ndatenga kathumba ka kasokedwe komweko kamene azakhali anandisokera ndili wakhanda, ndakaika pambali pa kapu yawo ya khofi. Ndathawira kochapa.

Madzulo

Anakhala nako nthawi yaitali, akukatembenuza. Kenako anatuluka ndi fodya wokapepesera, galimoto kulowera kwa azakhali ku Wanblee. Abwera dzuwa litapendeka. Polowa anauza firiji mokweza kuti, "Iwe firiji, Verola wandipatsa supu, wandilalatira, wandikaniza. Akuti ndakalamba ndi maso omwe." Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Ndiye kuti dzina langa layera. Koma pakati pa mahatchi pangotsala poyera, ndipo kusindikiza ndi mawa.

Lachisanu, 12 Julaye

Pamalo panga podyera ndapeza pepala la mahatchi, mapensulo a mitundu asanu ndi limodzi, ndi chofufutira chatsopano. Iwo ali pa zenera, nsana kuno. Anauza zeneralo kuti osindikiza amatseka folo koloko, ndipo m'nyumba muno muli munthu wa maso amene akuwawononga pa tsache.

Ine sukulu ndinalekezera pulayimale. Sindinalotepo kanthu. Ndajambula udzu wa kuseri kwa nyumba mmene umagonera kukawomba mphepo. Ndafufuta kanayi. Tsopano ili hafu pasiti wani, ndipo akutsokomola dala kukhomo, makiyi ali m'manja.