Mawu a Bambo Anali M'kompyuta ya ku Shedi

Macheke, 14 Meyi

Okondedwa Sisi Selestina,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Raffingora. Mwendo uja unasiya kutupa? Ine thupi lokha lili bwino.

Yambani mwaseka kaye, chifukwa kutsogoloku kulibe choseketsa. Lolemba pulinta ya mu ofesi ya ku shedi, imene timasindikizira matikiti a mabelo a fodya, inayamba kulavula mapepala a zilembo zopanda mutu. Ine mlongo wanu wa dipuloma ndinatuluka n'kukalipira Mai Prudence, amene amasesa muno, kuti agwedeza waya ndi tsache. Iwo anayankha pamaso pa osankha fodya onse kuti tsikulo anali asanalowe n'komwe, ngati ndikukayika ndiyang'ane fumbi pansi. Fumbi linalipodi. Shedi yonse inafa nako kuseka.

Manija anaitanitsa katswiri ku Harare, dzina lake Gray. Anati abwera kwa tsiku limodzi, koma lero ndi lachinayi. Tiyi amamwa ngati akuthirira nazale, ndipo shuga wa mu ofesi watha.

Iye ndiye wapeza chimene chinachitika. Akuti lamulo limene kompyuta imatumira posindikiza lili ndi kamalo kosungira dzina la pepala, kakang'ono ngati kapu, koma siliyeza zimene likuthiramo. Munthu wina wakutali, amene sitidzamuona nkhope, anatumiza kudzera pa intaneti dzina lalitali ngati ndowa yodzaza. Zosefukirazo zinagwera pamalo pamene makina amawerenga choti achite kenako, ndipo kumchira kwa dzinalo kunali malamulo a munthuyo. Poti lamulo losindikizira lili ndi makiyi a makina onse, zitseko zonse zinamutsegukira. Anasokoneza ndi kufufuta zonse.

Sisi, zimenezi tinaphunzira ku koleji, ndipo ndinakhoza bwino. Okonza pulogalamu yosindikizirayo anatumiza chigamba chotsekera bowolo mu Malichi. Ndinachiona. Ndinaopa kuti ndikachiika, pulinta yathu yokalambayi ingazime pakati pa nyengo yogulitsa fodya, ndiye ndinati ndidikire misika itseke.

Zolemba za pafamu zabwerera, chifukwa zimakopedwa ku Harare sabata iliyonse. Manija akumwetulira. Chimene sichinabwerere ndi chathu.

Mukukumbukira masana aja kuchipatala, pamene bambo anati nditsegule foni ndijambule mawu awo, afotokoze za kwawo ku Malawi? Anayankhula mphindi makumi anayi: mudzi, mtsinje, mayina a abale awo, njira imene anayenda ali mwana kufika kuno. Foni itadzaza, ndinasamutsira mawuwo m'kompyuta ya ku shedi n'kufufuta m'foni. Ndinawabisa pamalo amene sakopedwa, kuopa kuti a ku Harare angaone kuti ndikusunga zanga m'makina a ntchito. Ndinabisa bwino kwambiri.

Pamaliro munandiuza kuti ndilembe zonsezo m'kope. Ndinakusekani, ndinati kope limadyedwa ndi chiswe.

Mwandifunsa kawiri dzina la mudzi loti mupatse wosema mwala, kuti lilembedwe pachiliza mu Ogasiti monga bambo anapempha. Ndinkati ndatanganidwa. Chilungamo chake n'chakuti chimwalirire bambo mawuwo ndinawatsegula kamodzi kokha. Nditamva akutsokomola n'kutchula dzina langa, ndinatseka, sindinabwererenso. Kuchipatala kuja maso anga anali pa batire ya foni. Ndikukumbukira Ntcheu, imene tonse tikuidziwa, ndi mlongo wawo wina wa dzina loyamba ndi Na, ngati theka la amayi a kumeneko. Basi.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani ku Shamva kwa agogo aja, Sekuru Custodio, amene anawotcha fodya ndi bambo m'mabani zaka zonse zija. Anthu awiri sangakhale pamoto umodzi zaka makumi atatu osatchula kwawo. Ndamva kuti masiku ena mutu wawo umayenda, choncho musadikire kuti mukolole kaye. Ine manija sandilola kuchoka misika isanatseke. Wosema mwala muuzeni asiye mzere umodzi wopanda kanthu. Kundikalipira mudzandikalipira ndikabwera. Ndidzakhala pansi, sindidzayankha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a kwa amayi aja a ku komboni yakumtunda, ndi kwa adzukulu anga onse. Azakhali musawauze kaye, ndidzawauza ndekha.

Kalatayi ndinaisiya kaye pamenepa chifukwa Gray anayamba kulongedza mawaya ake. Ndinali nditamuuza za bambo tsiku lachiwiri, ndipo tsopano ndazindikira kuti ntchito ya manija anaimaliza kalekale. Masiku enawa amafufuza zathu. Anaima pakhomo nthawi yaitali, chikwama kumsana, n'kunena kuti wayesa njira zonse zimene amadziwa, palibe chatsala. Ine wodandaula za shuga uja ndinathamangira kukatereka ketulo. Anakana.

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu wa ku Harare. Kombi yoyamba inali yodzaza, ndipo ndinakondwa kuti sanyamuka msanga. Yachiwiri inali ndi malo.

Ndine mlongo wanu,
Mcloud