Mapepala Amene Amalume Anasuta

Amayi, kodi mwagonako bwanji kumandako?

Ndalemba kalata iyi mwaulemu pofuna kukudziwitsani zotsatirazi. Chimanga chachita bwino kuno ku Chinyunyu, kupatula cha kumtsinje chimene anyani anaononga. Mdzukulu wanu Loveness wachira mwana wamkazi kuchipatala cha ku Mpanshya, ndipo tamutcha dzina lanu.

Tsopano ndifike pa nkhani yeniyeni. Akomiti akonza zoti pa tsiku la ufulu atchule maina a anthu amene anamenyera dziko lino. Dzina lanu palibe. Alembapo mlongo wanu, amalume ba Filimoni, ati ndiwo ankafalitsa mapepala a chipani m'nthawi ya atsamunda. Amalumewo agula kale jekete. Dzulo anandiuza pamsika kuti, "Iwe Agnesi, amako sankadziwa kuwerenga, ankadziwa kuchapa."

Amayi, bodza ili ndalikana ndipo ndikulikanabe. Munandiuza nokha kuti woyendetsa lole ankakusiyirani mapepalawo pamsewu, inu n'kuwabisa pansi pa masuku m'dengu. Aphunzitsi a tchalitchi ankakuwerengerani, inu n'kusunga mawuwo m'mutu, n'kukawanena kwa amayi anzanu pochapa ku kasupe wa madzi otentha. Amayiwo ankakawanena kwa amuna awo, ena mpaka kuwamana chakudya kuti achitepo kanthu. Amuna amene ankanjenjemera akamva njinga ya mesenjala wa boma anatenga zitupa zawo, ziphaso za atsamunda zija, n'kuziotcha masana dzuwa likuswa mtengo.

Nanga amalume ntchito yawo inali yotani? Ankaba mapepala m'dengu mwanu, kuwang'amba, n'kumapichiramo fodya wosuta ndi wogulitsa. Ngati kumeneko ndiko kufalitsa, anafalitsadi, koma ndi utsi. Paja munkati, "Filimoni anasuta ufulu usanafike." Kale ndinkaseka. Lero sindikuseka.

Ndinapita kwa apampando a komiti kukadandaula. Anati ndibweretse pepala limodzi monga umboni. Ndilitenge kuti, poti lili m'mapapo mwa amalume?

Choncho ndatsimikiza motere. Pa tsikulo, akangotchula dzina la amalume, ndidzaimirira ndi kuwapempha mwaulemu kuti anene pamaso pa anthu mawu a pepala loyamba la chipani. Akadzayamba kutsokomola, ndidzayamba ine: "Munda uwu analima ndi agogo ako, chitupa ukuperekera chiyani?" Ndidzanena mpaka kumapeto, monga munkandinenera tikupalira. Amayi Tembo, mnzanu wochapa naye, alipo ngakhale maso anafa, ndipo avomera kudzandithandiza ndikaphonya.

Akomiti akafuna kundikhazika pansi, adzachite kundinyamula. Ndikulonjeza kuti dzina lanu lidzamveka, alembe kapena asalembe.

Ndine mwana wanu wokhulupirika ndi wokukondani,
Agnesi