Kaseti Ndinaiponya M'chimbudzi

Loweruka, 7 Okutobala 1995
Kumsika ku Ligowe. Machubu awiri, mchere, mabatire anayi. Ndagulanso kaseti kwa munthu wina wa chikwama. Pachikuto analemba ndi bolopeni kuti "za ukwati". Akuti masiku ano palibe nyimbo yoletsedwa, ndi matipate. Ng'oma zake zokoma.

Lachitatu, 11 Okutobala
Mkazi wanga Constance tsiku lonse kusosa kumunda. Ine njinga zitatu zokonza. Mwana wathu Clara akaweruka kusukulu ndikumamuikira kaseti ija kuti asandisokoneze. Masiku atatu tsopano. Mawu ake sindinawamvetsere, ndimakhala ndikugogoda panja.

Lachisanu, 13 Okutobala
Zavuta. Clara wakaimba pamjigo, n'kuvina komwe, kudula chiuno. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Azimayi anachita kusiya ndowa. Kodi ndi nyimbo za kutsimba, za anamwali, zosayenera kumveka panja. Wina anazijambula mobisa. Constance wabwera kudzandiuza. Atatuluka ndatseka chitseko, ndaimvetsera kaseti ija pansipansi, kawiri. Mawuwo sindingalembe muno. Ndaiponya m'chimbudzi. Sindinauze munthu.

Lolemba, 16 Okutobala
Anamkungwi abwera pamodzi ndi apongozi anga aakazi. Akuti Clara anakasuzumira kutsimba, komwe kuli atsikana atatu mwezi uno. Woona zimenezo sasiyidwa kunja. Amulowetsa naye Loweruka. Akatuluka ndiye kuti ndi wamkulu. Wamkulu bwanji, mano akutsogolo angoguluka kumene? Mwana wa alamu anga a Lameki atatuluka sanapondenso kusukulu.
Clara anati, "Ndinamva muwailesi ya adadi." Anamuseka, eti wailesi siimba zimenezo. Ine chete. Mkamwini, pamudzi pa eni.

Lachitatu, 18 Okutobala
Ndamuuza Constance. Sanakalipe. Anangoti, "Bweretsani kasetiyo aimve okha." Ndayesa ndi nsungwi, ndamangirira waya kunsonga. Dzenjelo ndinakumba ndekha, lakuya kwambiri. Palibe. Ndapalasa mpaka ku Ligowe, kenako kuboma. Wa chikwama uja palibe akumudziwa.

Lachisanu, 20 Okutobala
Mawa. Clara akusewera fulaye, sakudziwa kanthu. Umboni ndilibe, koma pakamwa pangapa. Nyimbo zitatu zija sizikuchoka m'mutu. Mwamuna sangazidziwe popanda kasetiyo, zimenezo avomereza. Koma kuimbira apongozi? Munthu amene ndikakumana naye panjira ndimapatukira kutchire. Zaka zisanu ndi zitatu sitinayang'anepo m'maso.

Lolemba, 23 Okutobala
Ndinaimba. Pakhomo pa apongozi, nditagwada, maso pansi. Ndili pa yachiwiri iwo anadzifunda chitenje kumutu. Anamkungwi anati, "Basi bambo, tamva." Yachitatu sindinafike.
Clara wapita kusukulu m'mawa uno. Ndamuperekeza mpaka pamlatho.
Ine andiuza ndichoke lisanafike Lachinayi. Akuti mwamuna wodziwa za kutsimba sangakhale pamudzi pano. Kwathu ku Magaleta kulinso sukulu, ndafunsa. Constance akusankha mbewu ya chimanga pakhonde, sananene ngati anditsata. Zitsulo ndamangirira kutsogolo kwa njinga. Pakaliyala sindinaikepo kanthu.