Duwa la Evelina Pampanda

Alamu anga a Mervin,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zomba. Kuno ku South Bend, ku Amereka, chisanu chikutikwapula ngati tinachibera mbuzi.

Mlongo wanu Evelina, amene kwanuko ankathawa khasu, anabzala duwa la rozi loyanga pampanda, mtundu wa ku Canada wopirira chisanu. Ine ndi digiri yanga yonseyi ndinalifunditsa bulangete. Mzungu woyandikana nafe anaseka nati, "Lisiyeni, ndi lolimba limenelo."

Madokotala ku Indianapolis, komwe Evelina wagonekedwa, ankatinso iye ndi wolimba. Masiku ano amangondigwira paphewa.

Evelina akaimba foni amafunsa ngati duwa lija laphukira. Ndi timitengo touma chabe, koma ndimati eya. Amayi muwauze pang'onopang'ono, alamu, ndipo yambani za pasipoti.

Bulangete lija sindinachotse.

Ndine mlamu wanu,
Chawezi