Maphunziro Awiri Otsala a Filipo Kachere

KOMITI YA UTUMIKI WA KUNDENDE, MPINGO WA MWALAWOYERA, NTCHISI

Tsiku: Loweruka, 27 Julaye 2024
Malo: Chipinda cha akulu a mpingo, kuseri kwa tchalitchi

Amene analipo: Bambo Howard Kamgwira (Wapampando), Bambo Kalebe Mtsiliza (mphunzitsi wa kalasi ya kundende), Mayi Lidia Dzimbiri, Mayi Faines Gondoloza, Bambo Petulo Kadzuwa (Mlembi).

Amene kunalibe: Abusa Victor Chilunjika. Anatumiza mawu kuti aperekeza wodwala ku Mtengowanthenga.

1. KUTSEGULA

Msonkhano unayamba 9:25 m'mawa m'malo mwa 9:00. Mayi Gondoloza anatsegula ndi pemphero.

2. ZA MSONKHANO WATHA

Mlembi anawerenga zolembedwa za pa 29 Juni 2024. Zinavomerezedwa popanda kusintha.

3. MAULENDO A KUNDENDE

3.1 Bambo Mtsiliza anati kalasi yokonzekera ubatizo ikukumanabe Lachinayi loyamba ndi lachitatu la mwezi uliwonse. Inayamba pa 18 Ogasiti 2022 ndipo maphunziro onse ndi 48. Lomaliza lidzakhala pa 1 Ogasiti, ndipo ubatizo udzachitikira m'ndende momwemo Lamulungu pa 18 Ogasiti 2024. Otsala m'kalasi ndi amuna 11.

3.2 Bambo Mtsiliza anapempha Mlembi awerenge m'kaundula kuti membala aliyense wapita kangati kundende pa zaka ziwirizi. Mlembi anawerenga: a Mtsiliza ka 47, Mlembi ka 19, Mayi Gondoloza ka 8, Wapampando katatu, Mayi Dzimbiri kamodzi. Wapampando anati msewu wa ku Boma umavuta nthawi ya mvula. Bambo Mtsiliza anati njinga yawo imadutsa msewu womwewo. Wapampando anati izi zisalembedwe. Zinali zitalembedwa kale.

4. NKHANI YA FILIPO KACHERE

4.1 Mlembi anafotokoza chiyambi cha nkhani. Filipo Kachere, wa zaka 34, ndi wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri, m'dera la mpingo uno. Anamangidwa m'chaka cha 2021 atatentha chigafa cha fodya ataledzera. Chigafacho chinali cha achimwene awo a Mayi Dzimbiri. Analowa kalasi tsiku loyamba ndipo anakhala pa maphunziro 46 osaphonya ngakhale limodzi. Pa 9 Marichi 2024 komiti ino inamulembera kalata yochitira umboni za khalidwe lake labwino, mamembala onse n'kusayina. Anatulutsidwa msanga, Lolemba pa 8 Julaye, atatsala ndi maphunziro awiri. Tsopano akupempha kuti abatizidwe. Wabwera ndipo akudikira panja.

4.2 Wapampando anapempha kuti liwerengedwe Gawo 4 la malamulo a komiti. Limati: "Kalasi iyi ndi ya akaidi, ndipo wobatizidwa akhale mkaidi amene watsiriza maphunziro 48." Wapampando anati nkhani yathera pomwepo, chifukwa Filipo sanatsirize 48 ndiponso si mkaidi.

4.3 Mlembi anapempha mwayi wolankhula. Anati gawolo analemba ndi iye mwini m'chaka cha 2019. Mawu oti "mkaidi" anaikidwa chifukwa anthu ena a pa Boma ankafuna kulembetsa abale awo ku kalasi ya kundende poganiza kuti ndi yachidule. Palibe amene ankaganiza za munthu wotuluka asanabatizidwe. Wapampando anati komiti imayendera zolembedwa, osati zimene alembi ankaganiza polemba.

4.4 Bambo Mtsiliza anapereka maganizo awiri. Loyamba: iwo amuphunzitse Filipo maphunziro awiri otsalawo pakhonde lawo, kenaka komiti ilembere bwalo la akulu a mpingo kuti abatizidwe pa Mwalawoyera pano. Lachiwiri: dzina lake lionjezeredwe pa mndandanda wa alendo olowa pa 18 Ogasiti, kuti akabatizidwe limodzi ndi anzake.

4.5 Pa ganizo lachiwiri, Wapampando anati mndandanda unapita kale kwa akuluakulu a ndende pa 15 Julaye ndipo si ulemu kuwavutitsa kawiri. Mlembi anati kalata yochokera kundende ikunena kuti maina akhoza kusinthidwa mpaka pa 5 Ogasiti. Wapampando anati mulimonsemo Gawo 4 likuti mkaidi, ndipo mlendo si mkaidi.

4.6 Pa ganizo loyamba, Mayi Dzimbiri anati: "Kumuphunzitsa ali kuseri kwa waya ndi china, kukhala naye benchi imodzi ndi china. Achimwene anga chaka chimenecho ana awo awiri anasiya sukulu. Lero ndiwauze kuti amwere chikho chimodzi ndi amene anawatenthera?" Bambo Mtsiliza anati ululu wa banjalo ndi woona, ndipo Filipo anapita kukapepesa pa 11 Julaye, iwo atamuperekeza, koma anabwezedwa ali pamsewu. Bambo Mtsiliza anafunsanso chifukwa chake Mayi Dzimbiri anasayina kalata ya pa 9 Marichi. Mayi Dzimbiri anati ankaganiza kuti ndi kalata yoti azimupatsa ntchito yopepuka komweko. Anati akanadziwa kuti ndi yomutulutsa, cholembera chikanawathera inki.

4.7 Mayi Gondoloza anati iwo Filipo amamudziwa, ndi amene ankayambitsa nyimbo kundende, ndipo mawu ake ndi abwino kuposa a kwaya yathu yonse. Koma amayi ena awauza kuti akadzalowa m'tchalitchi iwo adzakhala panja. Anati: "Ine ndine munthu mmodzi, a Mtsiliza. Maliro akandigwera adzandiphikire ndi amayi omwewa, osati inu."

4.8 Bambo Mtsiliza anaimirira. Wapampando anawapempha akhale pansi. Analankhula ali chiimire. Anati kwa zaka ziwiri akhala akuuza amuna aja kuti akadzatuluka mpingo udzawachingamira. Anati Filipo analowa asakudziwa kulemba dzina lake, ndipo anaphunzira kuwerenga pa katekisimu wong'ambika amene iwo anasoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Anati anzake akakanganirana usipa kapena bulangete, oweruza anali Filipo. Anatsiriza ndi mawu awa, amene anapempha kuti alembedwe monga anawanenera: "Tikakhala kumeneko timawatcha abale athu okondedwa. Ndaona lero kuti timawakonda chifukwa pakhomo pali loko."

4.9 Wapampando anati mawu amenewo ndi achipongwe kwa komiti imene yatumiza sopo kundende kwa zaka zisanu. Anati utumiki wa komiti ino umathera pageti, ndipo za kunja kwa geti ndi za bwalo la akulu. Mlembi anakumbutsa kuti bwalo la akulu, pa 20 Julaye, linati silingakambe za Filipo popanda kalata ya komiti ino, ndipo amene anatsogolera bwalolo tsiku limenelo ndi Wapampando yemweyu. Wapampando anati pamenepo anali atavala chipewa china.

4.10 Mlembi anapempha kuti nkhani idikire Abusa. Wapampando anati Abusa anamuuza pa foni kuti komiti ione chochita.

4.11 Kunachitika voti pa ganizo loyamba. Ovomera: Bambo Mtsiliza, Mlembi. Okana: Mayi Dzimbiri, Mayi Gondoloza. Wapampando anaponya voti yake kwa okana. Ganizo lachiwiri silinavoteredwe.

CHIGAMULO: Komiti silemba kalata. Ngati Filipo Kachere akufuna ubatizo, ayambe kalasi ya pa mpingo ikadzatsegulidwa mu Januwale 2025, kuyambira phunziro loyamba, zaka ziwiri. Maphunziro 46 a kundende sawerengedwa pa kalasi imeneyo.

5. ZINA NDI ZINA

5.1 Mayi Gondoloza anafunsa za chovala cha mamembala pa 18 Ogasiti. Anagwirizana zoyera pamwamba, zakuda pansi. Wapampando adzalankhula m'malo mwa komiti ndipo padzakhala wojambula zithunzi.

5.2 Wapampando anapempha pemphero lotsekera. Mlembi anakumbutsa kuti Filipo akadali panja kuyambira 8:40 ndipo sanauzidwe kanthu. Wapampando anati a Mtsiliza akamuuze. Bambo Mtsiliza anati amene agamula ndiwo anene. Filipo anaitanidwa 11:50.

5.3 Filipo analowa, nanjuta, napereka moni kwa aliyense pomutchula dzina. Kwa Mayi Dzimbiri anagwada. Sanapatsidwe mpando chifukwa mipando ndi isanu. Wapampando anauza Mlembi kuti awerenge chigamulo. Mlembi anawerenga.

5.4 Filipo anafunsa ngati pali funso la katekisimu limene komiti ikufuna kumuyesa nalo pompo. Wapampando anati nkhani si ya mafunso, ndi ya Gawo 4. Filipo anapempha kulimva, ndipo Mlembi analiwerenga kawiri. Filipo anati: "Ndiye kuti chandilakwitsa ndi khalidwe labwino lija munalembera kalata?" Wapampando anati asalankhule choncho, kutuluka ndi chisomo.

5.5 Filipo anatembenukira kwa Mlembi. Anati: "Alembi, inu masiku mumawadziwa. Ndikagwira mbuzi ya munthu lero masana, anthu akuona, ndingathe kukhala nditalowa pofika Lachinayi? Phunziro linalo a Mtsiliza angandibwerezere pawaya. Pa 18 ndikhala mkaidi. Mudzandibatiza?"

5.6 Mayi Gondoloza anaseka, kenaka anasiya ataona kuti Filipo sakuseka. Wapampando anayang'ana Mlembi. Mlembi anati malinga ndi Gawo 4, yankho ndi inde. Palibe membala amene anatsutsa.

5.7 Filipo anathokoza komiti ndipo anatuluka 12:04. Bambo Mtsiliza anatuluka pambuyo pake akumuitana, osatsanzika, n'kusiya Baibulo lawo patebulo. Sanabwerenso.

6. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, 31 Ogasiti 2024, 9:00 m'mawa, malo omwewa.

7. KUTSEKA

Wapampando anapempha Mlembi atseke ndi pemphero. Mlembi anapepesa kuti sangathe. Wapampando anapemphera yekha, nakumbukira abale athu okondedwa a m'ndende. Msonkhano unatha 12:11 masana.

Wapampando: ____________________ H. Kamgwira

Mlembi: P. Kadzuwa, 27 Julaye 2024