Bambo Akana Kulembedwa Mtengatenga

Bedford, 9 Meyi 1974

Okondedwa achimwene Tullio,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Roma. Nanga chifuwa cha mayi chija chinatha? Ine ndili bwino, kungoti mutu waima.

Ukwati wanga ndi Desmond kwatsala milungu itatu, koma chikalata chake chatikanika. Kuno amalembapo dzina la bambo a mkwatibwi ndi ntchito yawo, m'Chingerezi basi. Ndinati bambo ndi sediario. Kalaliki wa ku ofesi ya maukwati, kamunthu ka magalasi ochindikala, anafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Ndinafotokoza kuti ndi mmodzi wa amuna khumi ndi awiri ovala zofiira amene amasenza mpando wa Papa, mwiniwake ali pomwepo, ndipo agogo nawonso ankagwira yomweyo. Iye anati ndiye tilembe mtengatenga, mawu omwe amatchulira onyamula katundu pasiteshoni. Achimwene, ndinapsa mtima! Ndinamufunsa ngati kwawoko Papa ndi sutikesi.

Desmond, pofuna kuthandiza, anati tilembe wantchito wa m'nyumba. Ndinangomuyang'ana. Wansembe wathu anabweretsa dzina lalitali la nduna za kunyumba ya mfumu, koma limenelo ndi bodza, ndipo bambo mukuwadziwa pa nkhani ya bodza.

Kupusa kwanga n'kwakuti ndinawaimbira foni n'kuwauza zonse. Iwo anati zaka makumi atatu sanapunthwepo ngakhale kamodzi, ndiye ngati mwana wobereka okha akufuna kuwasandutsa mtengatenga, ukwatiwo ndivine ndekha, iwo sakwera sitima.

Dzulo ndinabwerera ku ofesi kuja. Kalaliki uja anati Chitaliyana salemba, ndipo ngati mawu akewo sitikuwafuna, angodula mzere pamalo onse a bambo, dzina ndi ntchito yomwe. Kuno mzere wotero amadulira ana osadziwa amene anawabereka.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu bambo akatha kudya, muwakhazike pansi, muwauze zimenezi osachotsera kanthu, asankhe okha. Ine ndalira mokwanira. Kuli bwino Angerezi awayese wonyamula katundu kusiyana n'kuti ana anga adzawerenge kuti ndinalibe bambo.

Mundiperekere moni kwa mayi, alamu anga Fiorella ndi azakhali a ku Borgo. Bambo nawonso muwapatse, ngati angaulandire.

Ndine mlongo wanu,
Ermelinda